Bandi ya M'baraka ndi Ng'oma ya Kwathu

Loweruka likafika, dzuwa litangolowa, nyimbo zimayamba. Munthu wokhala ku Assumane sacita kufunsa kuti lero ndi lacingati. Makutu amamuuza. Baraka iyi yatsegula sipika yake, baraka iyo nayonso yatsegula yake, ndipo nyimbo ziwirizo zimagundana pamsewu ngati atonde olimbirana khola. Ku Chiuaula, ku Namacula ndi m'kati mwa tauni ya Lichinga ndi cimodzimodzi.

Anthu ambiri amati nyimbo ndi nyimbo basi. Amati malinga mowa ulipo ndipo mwendo ukugwedezeka, zina zonse n'zacabe. Ine sindivomereza. Nyimbo yocokera m'bokosi ndi ina, nyimbo yoimbidwa ndi anthu amene mukuwaona ndi maso ndi inanso.

Masiku ano m'malo omwera mowa nyimbo zimatifika m'njira zitatu. Njira yoyamba ndi ya sipika. Mwini baraka amalowetsa fulashi kapena kulumikiza foni, nyimbo n'kumalira zokha mpaka mbandakuca. Njira yaciwiri ndi ya woimba mmodzi. Iye amabwera ndi nyimbo yojambulidwa kale pa kompyuta, amagwira maikolofoni, n'kumaimba pamwamba pake. Nthawi zina saimba n'komwe, amangoyendetsa milomo. Njira yacitatu ndi ya bandi. Pamakhala anthu anayi, asanu kapena asanu ndi mmodzi: wina pa ng'oma, wina pa bezi, awiri pa magitala, wina pa mawu. Njira yacitatuyi ndiyo ikusowa. Mutha kuyenda mabaraka ambiri usiku umodzi osaipeza.

Sipika ndi yogontha

Wina afunsa kuti, "Nanga tikudandaula ciani? Kodi sipika silira bwino kuposa gitala ya nsambo zadzimbiri?" Imalira bwinodi. Siphonya, sitopa, siledzera, ndipo sipempha ndalama yokwerera chapa. Koma ili ndi cilema cimodzi. Imalankhula, koma simva.

Taganizani za cioda. Amayi akalowa m'bwalo, woimba ng'oma sayang'ana kumwamba. Amayang'ana mapazi. Akaona kuti mayi wina wathyola bwino, amamuonjezera ng'oma. Akaona kuti ovina ayamba kupuma mwawefuwefu, amatsitsa pang'ono. Amayi nawonso amamva ng'omayo n'kuiyankha ndi thupi. Ndiye kuti ng'oma ndi ovina akuceza. Mganda wa kunyanja, ku Metangula ndi ku Cóbuè, ulinso conco. A malipenga, a ng'oma ndi ovina amamverana. Inu amene mukuwerenga nkhaniyi simunacite kuphunzira zimenezi kusukulu. Munabadwira momwemo.

Bandi yabwino imacita zomwezo ndi zida zina. Nyimbo imene pa wailesi imatha m'mphindi zinayi, bandi imaikoka kufika mphindi khumi ndi zisanu, cifukwa yaona kuti ovina sanakhute. Woimba gitala akaona mkulu wina wadzuka pampando ndi mkazi wake, amasintha kaimbidwe kuti awapatse malo. Wa mawu amalonjera mlendo amene wangofika kucokera ku Mandimba. Amalowetsa m'nyimbo nkhani imene aliyense akuikamba sabata imeneyo, kaya ndi mtengo wa feteleza, kaya ndi mlatho umene wakokoloka. Anthu amaseka, ena amaimba nthungululu, ndipo woimbayo amamva n'kubwereza. Nyimbo imene yaimbidwa usiku umenewo sidzaimbidwanso cimodzimodzi. Inaphikidwa ndi anthu onse amene analipo.

Sipika singathe zimenezi. Kaya m'baraka muli anthu awiri, kaya muli makumi asanu, kaya muli maliro pakhomo loyandikana, iyo imalira cimodzimodzi.

Mafuwa atatu

Koma tisanamizane. Si bandi iriyonse imene ili yabwino. Ziripo zina zimene mukazimva mumalakalaka magetsi atazima. Conco ndi bwino kudziwa mayesedwe ake.

Munthu wosazolowera amayang'ana woimba mawu, cifukwa ndiye ali kutsogolo ndipo ndiye wavala bwino. Inu musayambire pamenepo. Yambani kuchera khutu kumbuyo. Ng'oma, bezi ndi gitala yapakati, ija imangobwereza kamayimbidwe kamodzi osatopa, ndiwo mafuwa atatu. Gitala yotsogolera ndi mawu ndiwo mphika. Fuwa limodzi likapendekeka, mphika umagwa, ngakhale ndiwo zake zikhale za nkhuku. Mukamva kuti wa ng'oma akuthamanga pamene wa bezi akutsalira, dziwani kuti bandiyo sinakhale pansi pamodzi kukonzekera. Mwendo wanu udzakuuzani msanga kuposa mutu. Mudzafuna kuvina, koma simudzapeza popondera.

Matenda aciwiri ndi kulimbirana mawu. Wa gitala amakweza cokuzira mawu cake kuti amveke. Wa kiyibodi naye amakweza. Woimba amayamba kukuwa. Pomaliza palibe amene akumveka, ndipo omvera amabwerera kwawo makutu akulira. Pa mganda palibe munthu amene amaliza lipenga lake kuti akwirire anzake. Aliyense amadziwa mpata wake. Acinyamata ambiri a magitala aiwala mwambo umenewu.

Palinso kuchuna. Tauni ya Lichinga ili pamwamba, mamita oposa 1,300 kucokera pa nyanja yamcere, ndipo mu Juni ndi Julaye usiku kumazizira koopsa. Nsambo za gitala zimamva kuzizira. Zimene munachuna madzulo zimakhala zitasintha pofika pakati pa usiku. Zala nazo zimauma. Woimba wosamala amaima pang'ono n'kuchunanso. Waulesi amangopitiriza, poganiza kuti oledzera samva. Amamva ndithu. Mwina sangachule dzina la cimene calakwika, koma amakhala pansi n'kuyamba kukamba nkhani zawo.

Cimene cimandinyansa kwambiri ine ndi kutamanda kopitirira. Kufupa woimba ndi mwambo wathu wakale, ndipo woimba kuthokoza womufupa n'koyenera. Koma pali ena amene amasandutsa nyimbo yonse kukhala mndandanda wa maina a anthu andalama. Bwana uje, bwana uje, bwana uje, mpaka nyimbo imafera m'njira. Bandi yotere imamva ndithu, koma imamva thumba limodzi lokha.

Kumene magitala anacokera

Gitala si yakwathu. Inabwera ndi makolo athu amene anapita kukagwira nchito ku migodi ya ku Joni ndi m'mafamu a ku Rhodesia. Anabwera ndi jekete, njinga, galamafoni, ndipo ena anapacika gitala paphewa. Nthawi imeneyo Lichinga inkachedwa Vila Cabral. Malo ovinira a m'tauni anali a Apwitikizi. Anthu akuda ankavina kwawo, pa mowa wa masese ndi pa maukwati.

Kenaka kunabwera wailesi. Kuno ku Niassa, Maputo ali kutali kwambiri kuposa Blantyre. Mawu a wailesi ya MBC ankaoloka malire popanda ciphaso, ndipo ankalankhula cinenero cimene timamva. Nkhondo nazo zinatisakaniza. Pa nkhondo yomenyera ufulu, imene inayamba mu 1964, anthu ambiri a ku Niassa anathawira ku Tanzania ndi ku Malawi. Pa nkhondo yaciwiri, imene inatha ndi pangano la ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu a Moçambique okwana pafupifupi miliyoni imodzi anakhala ku Malawi. Pobwerera anatenga mapoto, makasu ndi makaseti.

N'cifukwa cake bandi ya kuno imaimba zosakaniza. Mumva rumba ya ku Congo, ya mtundu wa Franco, amene anamwalira mu 1989. Mumva sungura ya ku Zimbabwe. Mumva kaimbidwe ka ku Balaka, kumene Alleluya Band inayambira mu 1978, ndi rege ya Black Missionaries a ku Chileka. Mumva marrabenta ya kumwera ndi passada yovina awiriawiri. Zonsezi zimalowa mumphika umodzi.

Kodi kutengera nyimbo za eni n'kulakwa? Poyamba si kulakwa. Mwana amaphunzira kulima poyang'ana khasu la amake. Daniel Kachamba ndi mng'ono wake Donald anaphunzira kwela, nyimbo ya zitoliro ya ku South Africa, ali ana ku Salisbury, kumene lero ndi Harare. Atabwerera kwawo ku Chileka anapitiriza kuimba m'misewu ndi m'malo a mowa. Koma kwela yawo inasintha. Inayamba kulankhula Cinyanja, ndipo gitala ya Daniel inayamba kuyenda m'njira imene munthu wa ku Johannesburg sakanaiganiza. Mu 1967 katswiri wa nyimbo wa ku Austria, Gerhard Kubik, anawamva ku Blantyre n'kuwajambula, ndipo patapita zaka anakaimba ku Ulaya. Daniel anamwalira mu 1987, Donald mu 2001, koma mpaka lero munthu akamva gitala ija amadziwa mwini wake.

Allan Namoko wa ku Thyolo anali wakhungu. Ankaimba banjo ndi gulu lake la Chimvu River Jazz Band, ndi zida zosauka. Sanaone ovina ndi maso, koma ankawamva. Alick Macheso wa ku Zimbabwe, amene bambo wake anacokera ku Malawi, anakhala zaka zambiri akuimba bezi m'gulu la eni, la Khiama Boys, asanayambe lake. Atayamba lake, bezi yake inali ndi mawu akeake, ndipo m'nyimbo zina amaimba m'cinenero cathu comwe cino. Onsewa anayamba ndi kutengera. Palibe mmodzi amene anathera pomwepo.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Kale bandi yotengera inali ndi nchito, cifukwa galamafoni inali ya anthu owerengeka, ndipo kaseti inkafuna mabatire. Munthu wofuna kumva Franco ankapita kumene anyamata akuimba ngati Franco. Lero Franco weniweni ali m'foni ya mwana aliyense. Macheso weniweni ali m'fulashi ya mwini baraka. Tsono ndani angalipire kuti amve Macheso wabodza, wa nsambo zosachuna, pamene weniweni alipo waulere? Bandi yotengera ikupikisana ndi sipika pa mpikisano umene singapambane. Ena amafika poimba mawu a Cilingala amene iwo eni sawadziwa tanthauzo. Akanakhala kuti akutukwana amalume awo, sakanadziwa.

Cimene sipika ilibe ndi cimodzi: nyimbo ya pano, ya anthu ano, ya sabata ino. Bandi imene ili ndi cimeneci ili ndi katundu amene palibe wina akugulitsa.

Massukos

Umboni tili nawo pakhomo pomwe. Mu 1994, nkhondo itangotha, ku Lichinga kunabadwa gulu la Massukos. Dzinalo ndi la cipatso cimene tonse timatola m'thengo mvula ikayandikira, masuku. Mtsogoleri wake ndi Feliciano dos Santos, mwana wa ku Niassa, amene anadwala poliyo ali wamng'ono. Anyamatawa anatenga magitala ndi zida za makono, koma kagundidwe anakatenga ku magule a kwathu. Anaimba m'Ciyao, m'Cinyanja ndi m'Cimakua. Mmodzi amatsogola, ena amavomera, monga amacitira amayi pamtondo.

Panthawiyo munthu akanatha kuwaseka. Akanati, "Ndani ku Maputo angamvere Ciyao?" Koma cimbale cawo coyamba, Kuimba kwa Massuko, citatuluka mu 2001, cinamveka dziko lonse. Anthu amene sanaponde ku Niassa, amene ankangomva kuti ndi dera loiwalika, anavina nyimbo za kuno. Mu 2007 anatulutsa cimbale caciwiri, Bumping, ku Britain, ndipo anakaimba maiko akutali. Akanakhala kuti anangotengera rumba, ndani ku London akanawaitana? A ku Kinshasa alipo kale, ndipo amaimba rumba bwino kuposa ife.

Santos anacitanso cinthu cina. Anayambitsa bungwe la Estamos, logwira nchito ya madzi abwino ndi ukhondo m'midzi. Gulu loimba linkafika pamudzi, n'kuimba, anthu n'kusonkhana. Akasonkhana, nkhani ya cimbudzi imayamba. Ankaphunzitsa za cimbudzi cothira phulusa ndi dothi munthu akatha kudzithandiza. Dzenje likadzaza amalitseka kwa miyezi ingapo, ndipo zam'katimo zimasanduka manyowa a kumunda. Nkhani ya cimbudzi ndi yocititsa manyazi pagulu, pamaso pa apongozi. Gitala inacotsa manyaziwo. Nyimbo yawo ya Tissambe Manja, yokumbutsa kusamba m'manja, inachuka cifukwa ca nchito imeneyi. Mu 2008 Santos analandira mphotho ya Goldman ku America, imene imaperekedwa kwa anthu oteteza cilengedwe.

Zonsezi n'zoyamikika, ndipo sindicotsapo kanthu. Koma citsanzo cabwino cimatha kubala ana oipa, ndipo apa cabala.

Oimba ena ataona kuti nyimbo ya uphungu imabweretsa thandizo la mabungwe, anayamba kupeka nyimbo zoyang'ana ofesi. Lero ya kolera, mawa ya maneti a udzudzu, mkuca ya katemera. Mawu ake ndi oona, palibe angatsutse. Koma nyimboyo ilibe mwendo. Ili ngati cikalata copacikidwa pakhoma la cipatala cimene wina waciika pa gitala. Imaimbidwa kamodzi pa tsiku la mwambo, alendo aombera m'manja, galimoto yapita, nyimbo yafa. Iwo anaona uphungu wa Massukos, koma sanaone cimene cinanyamula uphunguwo. Anthu ankayamba avina, ndipo mawu ankalowa thupi litatentha kale. Mankhwala owawa mwana amamwera m'phala. Phala likakhala losapsa, mwana amalavula zonse ziwiri.

Muyeso wake ndi wapafupi. Nyimbo ija, kodi munthu angaipemphe pakati pa usiku m'baraka, popanda bungwe limene lalipira? Akaipempha, ndi nyimbo. Apa m'pamene baraka imaposa bwalo la mwambo. Pa mwambo anthu amaomba m'manja mwaulemu, cifukwa akuluakulu alipo. M'baraka mulibe ulemu wotero. Nyimbo ikakhala yozizira, anthu amakutembenukira msana.

Ndili ndi dandaulo linanso, ndipo ili ndi lalikulu. Nyimbo za uphungu zonse zimayang'ana pansi. Zimauza munthu wa kumudzi zoti acite: samba, kumba, wiritsa, pita kusikelo. N'zabwino. Nanga yoyang'ana kumwamba ili kuti? Ndani adzaimbe kufunsa za mjigo umene unalonjezedwa, za msewu umene umadula anthu mvula ikagwa, za wogula nyemba ndi cimanga amene sikelo yake imaba? Bungwe silingalipire nyimbo yotero. Koma makolo athu ankaimba zotero. Mkazi pamtondo ankadzudzula mwamuna waulesi ndi apongozi ankhanza, mudzi wonse ukumva, ndipo palibe ankamuimba mlandu, cifukwa inali nyimbo.

Oimba a magitala ena anasunga mwambowu. Gulu la Ghorwane, limene linayamba ku Maputo mu 1983, linkaimba za nkhondo ndi njala pa nthawi imene ambiri ankaopa kutsegula pakamwa, ndipo Samora Machel mwini anawacha anyamata abwino. Ku Malawi, Lucius Banda, amene anamwalira mu 2024, anachedwa msilikali wa amphawi cifukwa ca nyimbo zake. Njirayi ili ndi minga. Evison Matafale wa Black Missionaries anafera m'manja mwa apolisi mu Novembala 2001. Sindikuuza mwana wa mwini kuti akadziponye pamoto. Ndikungonena kuti bandi ya m'baraka, imene palibe ofesi ikuidyetsa, ili ndi ufulu umene bandi ya pa mwambo ilibe, ndipo kawirikawiri ufuluwo imauwononga potamanda bwana wogula kireti.

Ndani amalipira?

Tsopano tiwamvere cisoni oimbawo, pakuti mlandu si wawo okha.

Mwini baraka amawerengera. Sipika amagula kamodzi. Bandi ndi anthu asanu, ndipo aliyense ali ndi mimba ndi ana. Pafunika kunyamula zida, pafunika jenereta ngati magetsi azima. Akaona conco amasankha sipika. Akaitana bandi, nthawi zambiri malipiro ake ndi mabotolo a 2M kapena Manica ndi ndalama yocepa. Mowa sugula ufa. Ndiponso woimba amene walipidwa mowa amaimba bwino ola loyamba lokha.

Zida nazo ndi zodula. Anyamata ambiri oimba alibe gitala yawoyawo. Amabwereka ya mpingo, ya sukulu kapena ya munthu wamalonda, ndipo mwini zida ndiye amatenga gawo lalikulu. Nsambo ikaduka, ina yabwino imacokera kutali, ku Nampula kapena ku Malawi kudzera pa Mandimba. Sitima inayambanso kufika ku Lichinga kucokera ku Cuamba mu 2016, ndipo katundu amafika msanga kusiyana ndi kale, koma mtengo wa gitala sunatsike kufika pa thumba la mlimi. Gulu limene lilibe zida zake silingakonzekere. Limakumana tsiku loimba lomwelo. Mafuwa aja apendekeka pa cifukwa cimeneci.

Ifenso omvera tili ndi mbali yathu. Munthu amagula mabotolo asanu osadandaula, koma akamuuza kuti pakhomo pali kandalama ka oimba, amakwiya ngati amubera mbuzi. Amati, "Nyimbo n'zolipira?" Woimba ng'oma pa cinamwali timamupatsa nkhuku ndi nsima. Sing'anga timamulipira. Wa gitala yekha ndiye timafuna kuti adye kuomba m'manja.

Pali cinanso cimene oimba eni ayenera kuganizira. Bandi imene imaimba m'bala mokha, usiku wokha, imasiya anthu ambiri kunja. Kuno abale athu ambiri ndi Asilamu, ndipo salowa m'malo a mowa. Amayi ambiri sangapite ku baraka usiku, cifukwa ca ana, cifukwa ca mdima wa m'njira, ndiponso cifukwa ca pakamwa pa anthu. Mtsikana akagwira maikolofoni m'bala amapatsidwa maina oipa, ngakhale mawu ake akhale okoma motani. Komatu Zena Bacar wa gulu la Eyuphuro, wa ku Nampula, anali mkazi, ndipo mawu ake anazungulira dziko lapansi asanamwalire mu 2017. Ndi a Zena angati amene ali ku Assumane, amene mawu awo amathera kumtsinje pocapa? Kuimba kwa masana, Lamulungu dzuwa likadali, pabwalo loyera pamene thobwa ndi zitumbuwa zikugulitsidwa, kungabweretse anthu amene bala silidzawaona. Anansi nawonso angagone. Munthu amene akudzuka m'mamawa kupita kumunda ali ndi cifukwa comveka codana ndi gitala ya pakati pa usiku.

Ena amati boma licitepo kanthu. Mu 2018 Cikondwerero ca Cikhalidwe ca Dziko Lonse cinacitikira kuno ku Niassa, ndipo magulu a zigawo zonse anafika ku Lichinga. Zinali zokoma. Koma cikondwerero cili ngati phwando la ukwati. Mumadya mpunga ndi nyama tsiku limodzi, mawa mwabwerera ku nsima ya masamba. Woimba sakula ndi phwando. Amakula ndi Loweruka liri lonse, pamaso pa anthu ovuta kuwakondweretsa. Tinaona zimenezi mu 2020, pamene boma linatseka mabala ndi mabaraka cifukwa ca mliri wa korona. Sipika inangokhala pakona, ikudikira, yosamva njala. Oimba anabalalika, wina kumunda, wina kukanyamula anthu pa njinga yamoto. Zitseko zitatsegulidwa, sipika inali yoyamba kubwerera pa nchito.

Ana a kiyibodi

Masiku ano mnyamata wofuna kuphunzira kuimba amayambira kumpingo, cifukwa kumeneko ndiko kuli zida. Amaphunzira kiyibodi. Cida cimeneci n'cocenjera. Cili ndi ng'oma zake m'kati. Mukadina batani, ng'oma imayamba yokha, ndipo munthu mmodzi amamveka ngati gulu. Mwini baraka amakondwa, pakuti alipira mmodzi m'malo mwa asanu.

Koma ng'oma ya m'kiyibodi ndi mbale wake wa sipika. Nayonso ndi yogontha. Siona mayi amene wathyola bwino, siona mkulu amene watopa. Mnyamata amene wakula nayo amazolowera kutsata makina, ndipo tsiku limene adzakhale pansi ndi woimba ng'oma weniweni amasokonezeka, cifukwa munthu amapuma ndipo makina sapuma.

Tsiku lina mudzapemphe mnyamata wa kiyibodi kuti akuonetseni maina a magule amene alembedwa pa cida cake. Muwerenge nokha. Mudzapeza rumba, samba, rege, tango, ndi ena ambiri a maiko akutali, pakuti zida zimenezi zimapangidwa ndi makampani monga Yamaha ndi Casio a ku Japan. Cioda mulibe. Mganda mulibe. Likwata ndi beni mulibenso. Amene akufuna kuti magule amenewa amveke pansi pa gitala ayenera kupita kwa mkulu wa ng'oma kumudzi, kukhala naye pansi, ndi kuphunzira ndi manja.